Chizindikiro Chosasuntha m'Pulogalamu ya Kompyuta

Mlendo wochokera ku Lilongwe pamsewu wa ku Dedza akauzidwa kuti akatsike pa Nathenje, sasochera. Koma akauzidwa kuti akatsike pa mtengo wachisanu, adzapitirira malo ake tsiku limene wina wadulapo mtengo umodzi. Olemba mapulogalamu a kompyuta amakumana ndi vuto lomweli.

Wophunzira wa ku Bunda, kufupi ndi Mitundu, angathe kulemba pulogalamu yowerengera zokolola za chimanga m'minda yoyeserera mbewu. Pulogalamu yotere imagawidwa m'timagawo totchedwa ma function. Kagawo kalikonse kali ndi dzina ndi ntchito yake: kena kamawerenga kulemera kwa chimanga, kena kamachotsera chinyontho. Mizere ikachuluka, kupeza kagawo kamodzi kumadya nthawi, ndipo munthu wotopa angakonze kagawo kolakwika, zotsatira za chaka chonse nkusokonekera.

Chida cholembera mapulogalamu chimatchedwa editor. Chimodzi chotchuka ndi Vim, chimene Bram Moolenaar anachitulutsa mu 1991 motsanzira vi ya Bill Joy ya mu 1976. Mu Vim, munthu akalemba ma amaika chizindikiro pa mzere umene ali, ndipo akalemba 'a amabwererapo. Koma zizindikiro zotere amaika yekha chimodzichimodzi, ndipo mzerewo ukafufutidwa chizindikiro chimapita nawo. Wosunga nambala za mizere papepala ndiye ali ngati wowerenga mitengo uja.

Pofuna kupewa zimenezi, wolemba amaipatsa editor malangizo afupiafupi otchedwa script. Ntchito yake ili patatu. Choyamba, imayendera mizere yonse kufuna poyambira timagawo. M'chilankhulo cha Python pamenepa pamakhala mawu akuti def. Chachiwiri, imasonkhanitsa mayina onse pa mndandanda. Chachitatu, imamangirira mndandandawo ku batani limodzi, kotero kuti munthu akasankha dzina, editor imamufikitsa pomwepo.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1979 Ken Arnold analemba ctags, imene imasunga dzina la kagawo, fayilo yake ndi mawu ofufuzira mzere wake. Choncho ngakhale pamwamba pawonjezedwe mizere 200, kagawoko kamapezekabe.

Chofunika kukumbukira nchakuti dzina likasinthidwa kapena kagawo katsopano kakalembedwa, mndandanda uyenera kukonzedwanso. Wanzeru amalamula script kuti izichita zimenezi nthawi iliyonse pamene fayilo yasungidwa.