Timu ni yathu, nanga bwalo ni la ndani?

Pa Mande m'mawa simufunika wailesi kuti mudziwe mmene bola inayendela. Kwelani cabe basi ya ku Chelstone kapena ya ku Chilenje, mudzamva zonse. Wa Arsenal aseka wa Man United, wa Chelsea ayang'ana pa windo monga sakumva, ndipo ba kondakita aiwala cenji cifukwa ca penoti ya ku London. Eni ake a matimu a ku England timawadziwa maina onse. Koma funsani munthu mmodzimodziyo kuti bwalo limene mwana wake amachayapo bola ku komboni lili m'dzina la ndani, mudzaona wayamba kusakila foni m'thumba.

Funso limeneli lafika ku Rufunsa, ndipo lagawa anthu amene akhala akuimba nyimbo imodzi pa bwalo kwa zaka zambili.

Amene mumayenda pa Great East Road mumawaona mabwalo amene ndikamba. Mukapitilila Chongwe, kudutsa Chinyunyu kulowela ku Luangwa Bridge, pafupifupi sukulu iliyonse ndi mudzi waukulu uliwonse uli ndi bwalo la fumbi, magolo a mitengo, mizele ya phulusa. Kuli timu ina kumeneko imene ndimapenyelela ndikapita kukaona abale. Dzina lake ndisunga, cifukwa nkhani ikali pa moto. Wamalonda wina wa m'delalo wabwela ndi lonjezo. Adzagula majezi ndi nsapato, adzalipila kanta yonyamula anyamata, adzalembetsa timu mu ligi ya FAZ, ndipo adzamanga mpanda wa mabuloko kuzungulila bwalo, mashopu ali kunja kwake kuyang'ana ku msewu. Cimene afuna n'cakuti timu ikhale kampani, iye akhale ndi gawo lalikulu, ndipo pepala la malo lituluke m'dzina la kampaniyo.

Anyamata avomela kale. Mmodzi anauza mkulu wina pamaso panga kuti, "Mudala, imwe simuthamanga. Ise ndise tichaya na nsapato zobweleka. Manje munthu abwele na ndalama, muti ayende?" Mkuluyo sanakweze mau. Anangoti, "Mwana wanga, zitsa za pa bwalo ili tinazula ndise na atate ako. A nduna anapatsa mudzi, sanapatse munthu." Azimai ogulitsa vitumbuwa ndi munkoyo pa tsiku la bola ali ndi funso lawolawo, limene palibe wawayankha: mpanda ukamangidwa, iwo adzakhala mkati kapena kunja? Ndipo msungi cuma, mphunzitsi amene amalemba zopeleka mu kabuku ka ana a sukulu, amangotsegula kabukuko n'kuonetsa anthu. Maina a masapota alimo ambili. Maina a amene anapeleka cinacake caka cino sadzaza tsamba.

Ife a mu Lusaka nkhani iyi tinaionapo kale, pa Woodlands.

City of Lusaka, Yamoto, inayamba mu 1937, patangopita zaka ziwili kucokela pamene Lusaka inakhala likulu. Ni timu ya mbili yake. Inatenga ligi mu 1964, caka ca ufulu, m'masiku a Jackie Sewell, mzungu amene mu 1951 anagulidwa ndi Sheffield Wednesday pa mapaundi 34,500, mtengo umene unaposa wa wosewela aliyense ku Britain panthawiyo. Munthu ameneyo anadzavala mizele yakuda ndi yoyela pa Woodlands, n'kukhalanso kapitawo wa timu ya dziko la Zambia. City inalibe mgodi kumbuyo kwake, inalibe asilikali. Inali ndi masapota, ndiponso inali ndi malo. Pamene tauni inali yaing'ono, malowo anali bwalo cabe. Tauni itakula, anakhala cuma cimene aliyense wodziwa mtengo wa puloti mu Lusaka anayamba kuciyang'ana.

Timu inasanduka kampani ya masheya, City of Lusaka FC (2000) Plc. Masheya amagulitsika, ndipo ambili anadzafika m'manja mwa kampani ya Forli Limited, ya a Diego Casilli. Cha m'ma 2017 bwalo la Woodlands linakonzedwa, ndipo pambali pake panamangidwa Lewanika Mall. Apa ndikambe zoona: bwalo lija linali litaonongeka, ndipo lelo ni malo amene ungapite ndi banja osacita manyazi. Matimu ena, monga NAPSA Stars, akhala akuchayilapo maseŵela awo a pakhomo. Koma panabuka mkangano waukulu pakati pa eni masheya ndi gulu la akuluakulu ndi masapota a timu, pa funso lakuti woyendetsa City ndani. Nkhani inafika ku FAZ ndi m'manyuzipepala. Anthu amene anakulila pa bwalo lija, amene anaika makolo awo m'manda atavala sikafu ya Yamoto, anapeza kuti mau akuti "timu ni yathu" amamveka bwino pa sitandi, koma mu ofesi amafunsa kuti muli ndi masheya angati. Pa bwalo penipeni, City yakhala ikukwela ndi kutsika, ndipo ligi ya 1964 ikali yokha.

Sindikuti wamalonda wa ku Rufunsa ni kawalala. Bola imadya ndalama, ndipo m'dziko muno pafupifupi timu iliyonse yaikulu ili ndi kholo loidyetsa. Zesco United ili ndi kampani ya malaiti, Zanaco ili ndi banki, Power Dynamos ili ndi CEC, Green Buffaloes ni ya asilikali, Red Arrows ni ya ZAF, Nkwazi ni ya apolisi, Green Eagles ni ya ZNS. Matimu a ku Copperbelt anakula pa ndalama za migodi, ndipo ZCCM itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, ena anagwa zolimba. Mufulira Wanderers, Mighty imene, inakhala zaka zambili kunja kwa ligi yaikulu. Matimu a munthu mmodzi nawo ali ndi nkhani ziwili. Buildcon inabwela ndi mkokomo, kugula osewela m'maiko osiyanasiyana, kenako ndalama zitacepa inazilala. Koma FC MUZA ya a Keith Mweemba inacoka pansi ku Mazabuka mpaka kukachaya maseŵela a CAF. Conco munthu wa ndalama angaikweze timu, angaisiyenso pa njila. Kusiyana kuli pa cimene cimatsala iye akacoka.

Majezi amang'ambika pa sizoni ziwili. Kanta imafa. Malo satha. Ndiye cifukwa cake ine ndiona kuti anthu a ku Rufunsa akangana pa zinthu zitatu monga kuti ni cinthu cimodzi: dzina la timu, ndalama zoyendetsela timu, ndi nthaka. Ziwili zoyambazo mungabweleke, mungagulitse, mungasinthe maganizo caka camawa. Cacitatu cikapita capita.

Malo ambili m'boma la Rufunsa ni a mafumu, pansi pa a Mpanshya, a Shikabeta ndi a Bunda Bunda. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mfumu asandutsidwe a taito, ya zaka 99, mfumu ikavomela, khonsolo ikavomeleza, ndipo Commissioner of Lands akasaina. Njila yopita kumeneko ni yodziwika bwino. Yobwelela nayo kwa mfumu, yesani kuifuna. Taito ikatuluka m'dzina la kampani, mwini masheya ambili angaikweletse ku banki monga cikole ca nkhongole. Bizinesi yake ya milisi kapena ya malasha ikagwa, banki sidzafunsa kuti anazula zitsa ndani.

Koma akuluakulu aja nawonso ali ndi mlandu wawo. Timu imene amati ni ya mudzi sinalembedwe kulikonse. Ilibe malamulo olembedwa, ilibe akaunti, ndalama zimagona m'thumba la jekete la ba ticha. Cinthu cosalembedwa sicingakhale ndi pepala la malo, ndipo bwalo lopanda pepala m'mbali mwa Great East Road lili monga nkhuku yogona panja. Wamalonda uyu akakanidwa, mawa kudzabwela wina wofuna kumanga filing'i sitesheni, ndipo ameneyo sadzalonjeza ngakhale bola imodzi. Mwaona mmene mapuloti ayendela kucokela ku Silverest kufika ku Chongwe. Mabwalo angati a m'makomboni a Lusaka amene tinachayapo tili ana lelo pali nyumba, mabala ndi machechi?

Njila zilipo, ndipo si za ku ulaya zokha. Kalabu ingalembetsedwe kwa Registrar of Societies monga gulu la mamembala. Lamulo la Land (Perpetual Succession) Act limalola matrasti a gulu lotele kusunga malo m'dzina la gulu, monga mmene mipingo yambili imacitila. Ndiye wamalonda atsegule kampani yake ku PACRA, ayendetse timu, alembe dzina la shopu yake pa cifuwa ca jezi, amange mashopu ake pa lendi ya zaka zowelengeka, zolembedwa. Akatopa, anyamule mabuku ake, bwalo litsale. Ku Germany ali ndi lamulo limene amati 50+1: wandalama angaike cuma cake mu timu, koma mavoti oposa theka amatsala kwa mamembala. Kungoti mamembala a kumeneko amalipila caka ndi caka. Ife timafuna mavoti a ku Germany ndi matikiti a pa mtengo wa mango.

Pamenepa ndipo pamandiwawa, cifukwa ni khalidwe lathu tonse. Munthu amabecha ndalama ya ndiwo pa timu ya ku Spain Loweluka, koma Sondo akafika pa geti ya timu ya kwawo ati, "Ba chairman, nanga ise eni ake tizilipila?" Inde, eni ake ndiwo amalipila. Mwini basi ndiye amagula matayala.

Ena ku Rufunsa ati boma lidzamanga. Zoona, CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwelabe. Pempho la bwalo lingadutse ku Ward Development Committee monga mapempho ena onse. Koma lidzapikisana ndi madesiki, mijigo ndi zipinda za azimai oyembekezela, ndipo m'boma limene anthu amayenda mitunda kukafika ku cipatala ca Mpanshya, sindiona bwalo la bola likukhala loyamba pa mndandanda. Komanso ndalama ya anthu onse ingapemphedwe bwanji pa malo amene ali m'dzina la kampani ya munthu mmodzi? Anansi athu ku Malawi anamva lonjezo la boma mu 2019 lakuti Bullets ndi Wanderers, matimu akulu kwambili m'dzikomo, adzamangilidwa mabwalo awoawo ku Blantyre. Zaka zinapita nchito isanathe. Ngati zinavuta kwa Bullets, timu ya kumbuyo kwa Chinyunyu isawelengele njelwa zimene sizinaumbidwe.

Msonkhano wa masapota wakankhidwa mpaka anthu atatsiliza kukolola. A nduna ati pa za malo iwo sasaina kanthu asanakaonane ndi a mfumu. Ba ticha agula kabuku katsopano ndipo ayamba kulemba maina a amene avomela kupeleka mwezi ndi mwezi, ndipo oyamba kulembetsa anali azimai a vitumbuwa. Wamalonda uja sanadikile msonkhano. Majezi anabweletsa kale, obiliwila, dzina la shopu yake lili pa cifuwa, ndipo anyamata awavala kawili.