Lamba wakuda sabwera ndi ndewu

Anyamata a pa Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, atamva kuti ndinkaphunzira aikido ndili ku Johannesburg, funso lawo linali limodzi: "Malume, munagwetsako angati?" Ndinaseka. Miyezi yoyambirira wogwa ndinali ineyo, tsiku ndi tsiku.

Masewerawa anawayambitsa ndi Morihei Ueshiba wa ku Japan, amene anamwalira mu 1969. Kusukulu yake yaikulu ku Tokyo kulibe mpikisano. Mnzako akakulumphira, sulimbana naye. Umapatuka pang'ono, n'kumuperekeza ndi mphamvu zake zomwe mpaka pansi. Wopalasa bwato ndi nsungwi popita ku Chisi akudziwa zimenezi: mwera ukakwiya sukangana nawo.

Choyamba amakuphunzitsa kugwa, ukemi, kuti ugubuduke osathyoka khosi. Mawondo ndiwo amalira kwambiri, poti zina umachita chogwada, ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Mayeso ake sawerenga miyezi, amawerenga masiku amene wabwera kudzaphunzira. Ku Tokyo, giredi yoyamba, 5 kyu, imafuna masiku 30. Yotsatira 40, ndipo manambala a magirediwo amatsika mpaka 1 kyu, kenako lamba wakuda. Wojomba amadzichedwetsa yekha. Patsiku la mayeso mphunzitsi amangotchula dzina la luso, ikkyo kapena shihonage, iwe uchite kumanja ndi kumanzere anthu ali chete. Ine mutu unaima, koma manja anakumbukira okha.

Mnyamata wofuna kumenya anthu kudambwe, aikido imukhumudwitsa. Wopirira kugwa, ayambe mawa.