Phulusa linandiphera gadeniya 39

Anthu ambiri amene amaima pa kanazale kanga ka maluwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Blantyre safunsa dzina la duwa. Amangozungulira m'machubu, kenaka n'kuima pamene fungo lawagwira mphuno, n'kuloza kuti, "Ndikufuna uyu." Nthawi zambiri amene amalozedwayo ndi gadeniya, chitsamba cha masamba obiriwira kwambiri ndi onyezimira ngati apakidwa mafuta, chimene sichiyoyola masamba ngakhale m'chilimwe, ndipo maluwa ake ndi oyera mbee! Madzulo dzuwa likamalowa, chitsamba chimodzi chimanunkhiritsa bwalo lonse.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa chaka china duwa limeneli linanditayitsa ndalama ndi ulemu womwe, ndipo sindifuna kuti mnzanga wina amene akuyamba kumene malonda a maluwa agwe m'mbuna yomweyo.

Mbewu yanga yoyamba ndinaitenga kwa a malume ku Thyolo, amene anagwira ntchito yosamalira maluwa pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zambiri. Kwawoko gadeniya amakula ngati wam'tchire, kutalika kupitirira munthu, popanda womupatsa feteleza. Ine ndinaona ngati ndi duwa losavuta. Ndinadula nthambi, n'kuzika, zinagwira, ndipo pofika chaka chachiwiri ndinali ndi mbande 40 zokongola m'machubu aakulu. Bambo wina amene amamanga malo ogona alendo anazikonda zonse, anapereka ndalama ya chikole, tinagwirizana kuti adzazitenga mvula yoyamba ikagwa.

Mwezi wa Ogasiti chiswe chinayamba kuboola machubu apansi. Ndinachita zimene tonse timachita ku dimba: ndinatapa phulusa la kukhitchini n'kuthira mowolowa manja pa chubu chilichonse. Madzi atayamba kuvuta, ndinauza ana kuti madzi otsukira mbale ndi ochapira asamataye, azithirira maluwa. Patangopita milungu ingapo masamba a kunsonga anayamba kusanduka achikasu, mitsempha yokha ndiyo inatsala yobiriwira. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinawonjeza feteleza wa CAN amene anatsala ku chimanga. Matenda anangokulirakulira. Maluwa amene anali atatsala pang'ono kumasula anayoyoka onse, masamba anapsa m'mbali, ndipo mvula pogwa panalibe mbande yoti munthu n'kuonetsa mlendo. Chikole ndinabweza nditagulitsa mbuzi.

A malume nditawafotokozera sanandimvere chisoni n'komwe. Anangofunsa kuti, "Kodi iwe, unaonapo munthu akuthira phulusa m'munda wa tiyi?"

Funso limenelo ndilo mutu wa nkhani yonse. Gadeniya amafuna nthaka ya asidi, monga mmene tiyi amafunira, n'chifukwa chake amasangalala ku Thyolo ndi ku Mulanje. Akatswiri amayeza asidi wa m'nthaka ndi muyeso wotchedwa pH, ndipo duwali limakula bwino pakati pa 5 ndi 6.5. Nambalayo ikakwera kupitirira 7, mchere wa ayironi umene uli m'nthaka umamangika, mizu imalephera kuuyamwa, ndipo popanda ayironi tsamba silingapange ubiriwiri wake. Tsono phulusa, laimu ndi madzi a sopo zonsezi zimapha asidi. Ine ndinathira ziwiri mwa zitatuzi ndi manja anga, ndipo CAN amene ndinathamangira uja sakanabwezera asidi m'dothi, chifukwa nayenso ali ndi laimu m'kati mwake. Chakudya chinali m'chubu momwemo koma mbewu inafa ndi njala.

Chizindikiro chake musachisokoneze. Masamba angapo akale a m'munsi akachita chikasu n'kugwa, palibe chodandaulitsa, chitsamba chikungosintha zovala. Koma akakhala masamba anthete a kunsonga, achikasu pamene mitsempha ili yobiriwira, dziwani kuti asidi wachepa. Pamenepo feteleza woyenera ndi salufeti wa amoniya, amene ambiri timangomutchula kuti SA, chifukwa iyeyu kuwonjezera pa nayitrojeni wake wokwana 21 pa 100 aliwonse amawonjezanso asidi m'nthaka. Ine ndimasungunula supuni yaikulu imodzi m'kheni ya malita 10 n'kuthirira kamodzi pa mwezi nthawi ya dzinja, dothi lili lonyowa kale. Musathire wouma pa tsinde, amatentha mizu. M'masitolo ena a zipangizo zaulimi mumapezekanso mchere wa ayironi wosungunula m'madzi, umene umabweza ubiriwiri msanga. Ena amakwirira misomali ya dzimbiri pa tsinde. Ndinayesapo, sindinaone kusintha kulikonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka: ayironi sanasowe m'nthakamo, chimene chasowa ndi asidi womumasula. Amene mukufuna kubzala zitsamba zambiri, ndi bwino kupempha alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuthandizeni kutumiza dothi kuti likayezedwe ku malo a kafukufuku monga ku Chitedze.

Pali msampha winanso umene anthu omanga nyumba zatsopano amagwamo. Amabzala gadeniya mophatikiza ndi khoma kapena khonde la simenti kuti fungo lizilowa pa zenera, mwinanso pamalo pomwe amisiri ankakandirapo simenti. Simenti ili ndi laimu, ndipo mvula ikamagwa imamutsukira m'dothi. Talikirani ndi mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo zidutswa za pulasitala muzichotse m'dzenjemo.

Madzi nawonso ali ndi nkhani yawo. Yang'anani m'ketulo ya kunyumba kwanu: ngati pansi pake pamachita nkhoko zoyera, ndiye kuti madzi a pa mjigo wanu ali ndi laimu wambiri, ndipo pang'onopang'ono adzachita zimene phulusa linachita kwa ine. Madzi abwino koposa ndi a mvula. Ine tsopano ndinaika migolo iwiri pansi pa malata, ndipo madzi amenewo ndi a gadeniya basi, maluwa ena amamwa a pachitsime.

Kuthirira kwake kumafuna munthu wosaiwala. Dothi lizikhala ndi chinyontho nthawi zonse, koma lisachite lowe, pakuti madzi akaima mizu imaola. Pisani chala, pamwamba pakayamba kuuma, thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi. Choipa kwambiri ndi kuumitsa sabata yathunthu kenaka n'kukhuthulira ndowa zitatu tsiku limodzi pofuna kulipira ngongole. Mukatero maluwa osamasula amayoyoka, ndipo izi zimachitika kawirikawiri mu Okutobala, nthawi yomwe chitsamba chadzaza ndi maluwa oyembekezera ndiponso dzuwa lili pa liwombo. Kusuntha chubu uku ndi uku chitayamba kuonetsa maluwa nakonso kumayoyola. Usiku wotentha kwambiri saukondanso, motero anzathu a ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja adzavutika naye kusiyana ndi a kumtunda. Kumalo ozizira monga ku Dedza vuto ndi chisanu cha mu Juni ndi Julaye, makamaka kumadambo, chimene chimawaula nsonga.

Malo abwino ndi amene amalandira dzuwa la m'mawa koma masana pamakhala kamthunzi, monga kum'mawa kwa nyumba kapena m'mphepete mwa mtengo wosathithikana. Pa mthunzi wa bii, monga pansi pa mango, masamba amakongola koma maluwa simuwaona. Dzenje likhale lotambalala masentimita 60, ndipo dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa a masamba owolerana bwino. Manyowa a kompositi amene munathiramo phulusa asafike pano. Pobzala musazike tsinde kupitirira pamene linalekezera m'chubu, ndipo ngati mukupanga mpanda siyani mita imodzi ndi theka pakati pa zitsamba.

Mizu ya gadeniya imayenda pamwamba, choncho khasu lisayandikire. Udzu muzizula ndi manja, kenaka phimbirani ndi masamba ouma osakhudzitsa tsinde. Ine ndimakonda masamba a paini amene ndimatola ndikapita chakuphiri ku Zomba, chifukwa sauluka ndi mphepo ndiponso sachedwa kulowetsa madzi. Nanga chiswe chija? Machubu ndinawakweza pa thandala la njerwa ndi pepala la pulasitiki pansi, ndipo chiswe sichinabwererenso. Zinali zosafuna n'komwe phulusa.

Mwina ena mungadabwe kumva kuti duwali ndi pachibale ndi khofi. Yerekezani masamba ake ndi a khofi wa ku Misuku kapena ku Thyolo, mudzaona kufanana. Kwawo kwenikweni ndi kum'mwera kwa China, Japan, Taiwan ndi Vietnam, kumene zipatso zake akhala akupangira utoto wachikasu wonyikira nsalu ndi kukometsera maonekedwe a zakudya kuyambira kalekale. M'mabuku amalembedwa kuti Gardenia jasminoides, dzina limene John Ellis wa ku London anapereka m'chaka cha 1761 polemekeza Alexander Garden, dokotala wa ku Scotland amene ankakhala ku Charleston m'dziko la America. M'tchire la kwathu kuno mulinso abale ake, monga Gardenia ternifolia ndi Gardenia volkensii, timitengo ta nthambi zolimba, maluwa oyera onunkhira amene amasanduka achikasu, ndi zipatso zolimba gwa. Abusa a ng'ombe amaidutsa tsiku ndi tsiku osadziwa kuti m'bale wake m'tauni amagulidwa ndi ndalama.

Adani ake ndi omwewo a ku dimba: nsabwe za masamba, kodikodi wofanana ndi wa chinangwa, ntchentche zoyera, ndi tizilombo tina tomata pa nthambi ngati nkhanambo. Tonseti timayamwa madzi a mbewu n'kutulutsa timadzi totsekemera, ndipo pa timadzi timeneti pamamera nkhungu yakuda imene imakuta tsamba ngati mwaye. Anthu amalimbana ndi kupukuta mwayewo, koma umabweranso chifukwa gwero lake lili kuseri kwa tsamba. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, tembenuzani masamba, mudzapeza zikuweta tizilomboti ngati ziweto. Mankhwala anga ndi madzi a masamba a nimu osinja ndi kuviika usiku wonse, kuthiramo kasopo pang'ono kuti amate, n'kupopera madzulo kuseri kwa masamba kamodzi pa sabata mpaka zitatha. Popeza sopo ndi mdani wa dothi lake, ndimayala pepala la pulasitiki pansi popopera. Mdani amene alibe mankhwala apafupi ndi timinyongolotsi ta m'mizu, timene alimi a fodya ndi tomato amatidziwa bwino chifukwa timatupitsa mizu timfundomfundo. Musatenge dothi la m'munda wa fodya kapena wa tomato kudzazira machubu. Kumaiko ena olima maluwa amalumikiza gadeniya pa tsinde la m'bale wake wa ku South Africa, Gardenia thunbergia, amene mizu yake imapirira timinyongolotsiti.

Kuchulukitsa mbewu ndiko kosavuta, ndipo ndi pamene pali phindu. Maluwa akatha, chapakati pa dzinja, ndiyo nthawi yodulira chitsamba kuti chikhale ndi maonekedwe abwino. Mukachedwa n'kudulira m'chilimwe mumadula maluwa a chaka chimenecho. Nthambi zodulidwazo musataye. Sankhani zimene sizili zanthete kwambiri komanso sizinakhwimitse, zotalika masentimita 10 mpaka 15, dulani mmunsi mwa mfundo ndi mpeni wakuthwa, chotsani masamba a m'munsi n'kusiya awiri kapena anayi kunsonga. Zikani m'mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa a masamba, vindikirani ndi botolo la pulasitiki loonekera lodula pansi, ikani pa mthunzi. Pakatha milungu 6 mpaka 8 mizu imakhala itatuluka. Si zonse zimene zimagwira, choncho zikani zambiri kuposa zimene mukufuna.

Kunena zoona, awa si malonda a changu. Mbande imafuna chaka kapena kuposerapo kuti ifike pogulitsika, ndipo nthawi yonseyo ikumwa madzi anu. Sindingauze munthu kuti asiye munda wa chimanga chifukwa cha maluwa. Koma kwa amene ali pafupi ndi msewu waukulu kapena tauni, gadeniya mmodzi wokhala ndi maluwa amandipatsa ndalama yoposa ya maluwa wamba angapo pamodzi, ndipo wogula sanenerera kwambiri fungo likamulowa. Chongofunika kusamala n'chakuti ogula asamagwire duwa ndi zala, chifukwa pamene pakhudzidwa pamasanduka pofiirira tsiku lomwelo. Ndimawauzanso za phulusa ndi madzi a sopo asanakweze chubu m'galimoto, popeza duwa likakafera kwawo amadzati ndinawagulitsa lodwala.

Mwa mbande 40 zija, zitatu zinali zisanaferetu. Ndinazizula, kutsuka mizu ndi madzi a mvula, n'kuziika m'dothi latsopano limene ndinakatenga pansi pa mitengo kwa a malume. Ziwiri zinafa ndithu. Imodzi inaphukira patapita miyezi iwiri, ndipo lero ili kum'mawa kwa nyumba yanga, yandipitirira m'mapewa. Mbande zonse zimene ndikugulitsa tsopano ndi ana ake. Bambo wa malo ogona alendo uja sanabwerenso. Ndinamva kuti anakabzala mpanda wa maluwa ena.