Tabuleti yosanduka laputopu: muwerengere musanagule

M'masitolo ogulitsa makompyuta mwabwera zipangizo zovuta kuzitchula dzina. Ukachigwira m'manja ndi tabuleti, ukamatako kiyibodi chasanduka laputopu. Ogulitsa amati ukagula chimodzi wagula ziwiri. Koma wophunzira wa kukoleji, mphunzitsi kapena wabizinesi yemwe wasunga ndalama kwa miyezi yambiri afunika kudziwa ngati chipangizochi chingakwanitse ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, komanso zomwe chingachite pa khosi ndi maso ake.

Zipangizozi zilipo za mitundu iwiri. Zina kiyibodi yake imachoka ndipo imamatirira ndi maginito, monga Surface Pro ya Microsoft, iPad Pro ya Apple ndi Galaxy Tab ya Samsung. Zina ndi malaputopu enieni omwe sikirini yake imapindikira kumbuyo mpaka kukagona pamsana pa kiyibodi, monga Yoga ya Lenovo yomwe idatuluka mu 2012. Nkhani yaikulu ili pa mtundu woyambawo, chifukwa ndi umene ukuyesa kulanda malo a laputopu.

Funsani kaye za mapulogalamu

Mu 2012 Microsoft idatulutsa Surface RT. Poiona inkafanana ndi kompyuta ya Windows, koma anthu atafika nayo kunyumba adapeza kuti mapulogalamu omwe adazolowera sakulowamo. Malonda adalowa pansi, ndipo mu Julayi 2013 kampaniyo idalengeza kuti yaluza madola pafupifupi 900 miliyoni pa matabuleti omwe adangodzaza m'nyumba zosungira katundu.

Lero makinawa ali ndi mphamvu zambiri. Kuyambira 2021 Apple idayamba kuika mu iPad Pro purosesa yofanana ndi ya m'makompyuta ake a Mac. Komabe vuto lija silidathe. iPad ndi matabuleti a Android amayendera mapulogalamu awoawo, osiyana ndi a pa laputopu. Wophunzira yemwe akusanthula zotsatira za kafukufuku wake ndi SPSS kapena Stata sangaike mapulogalamuwa pa iPad. Wowerengera chuma yemwe mafayilo ake a Excel amadalira ma macro apeza kuti pa matabuleti amenewa sakuyenda. Ngakhale Surface Pro ya 2024, yomwe ili ndi Windows 11 ndi purosesa ya Snapdragon, imatha kukana mapulinta ena akale omwe madalaivala awo adapangidwira purosesa za Intel. Choncho musanafunse mtengo, lembani mapulogalamu omwe mumagwiritsa ntchito sabata iliyonse ndipo muonetsetse kuti onse akuyenda pa makinawo.

Kutentha ndi batire

Purosesa ikamagwira ntchito imatentha. Malaputopu ambiri amakhala ndi kafani mkati kotulutsa mpweya wotenthawo, pomwe matabuleti ambiri alibe, ndipo kutentha kumangotulukira m'chitsulo chakumsana. Kukafika pamlingo wina, makinawo amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. N'chifukwa chake tabuleti imathamanga potsegula kalata kapena tsamba la pa intaneti, koma imatha kuyamba kukokera mukamakonza vidiyo yaitali.

Apple imalangiza kuti iPad izigwira ntchito pamalo pomwe kutentha sikukupitirira madigiri 35. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa limadutsa pamenepo. Kutentha kotere kumakalambitsa batire msanga, makamaka mukasiya chipangizocho m'galimoto yotseka kapena kuchitchaja chili padzuwa.

Pa nkhani ya magetsi ndiye tabuleti imawina. Imadya moto wochepa, ndipo zambiri zimatchajidwa ndi chingwe cha USB-C ngati foni, moti pawabanki yabwino kapena kasola kapanyumba kamakwanira. Kwa munthu wokhala kudera komwe magetsi amazimazima, kapena wogwira ntchito kumudzi, uwu ndi mwayi waukulu.

Mtengo wake weniweni

Mtengo womwe umalembedwa pa chotsatsira nthawi zambiri ndi wa tabuleti yokha. Kiyibodi ndi cholembera amagulitsa padera. Mu 2024 ku America, iPad Pro ya mainchi 13 idayamba pa madola 1,299, kiyibodi yake inali madola 349, cholembera madola 129. Chaka chomwecho MacBook Air yatsopano ya mainchi 13, laputopu yathunthu ya kampani yomweyo, inkayambira pa madola 1,099. Surface Pro nayo idayamba pa madola 999 yopanda kiyibodi. Kwathu kuno pamitengoyi pamaonjezekera msonkho, zoyendera ndi vuto la ndalama zakunja.

Kupepuka nakonso kumanyenga. Tabuleti yaikulu payokha sikwana kilogalamu imodzi, koma mukaiphatikiza ndi kiyibodi yolimba imafika pa kulemera kwa laputopu yopyapyala. Ndiye yesani kuiika pamiyendo mutakhala pabenchi. Kulemera konse kuli kusikirini, kamwendo koimikira kumbuyo kamafuna malo ake pamaondo, ndipo kiyibodi yopyapyalayo imanjenjemera mukamalemba. Patebulo zonse zimakhala bwino, koma pamiyendo laputopu wamba imakhazikika kuposa. Apa m'pamene mawu a akuluakulu aja oti mapanga awiri avumbwitsa amamveka.

Khosi ndi maso

Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Ukakhala chilili pamwamba pa msana, khosi limaunyamula mosavutika. Ukaweramira kutsogolo, minofu yakumbuyo kwa khosi imakoka mwamphamvu kuti usagwe. Mu 2014 Kenneth Hansraj, dokotala wa msana wa ku New York, adawerengera kuti mutu ukawerama ndi madigiri 30 khosi limamva katundu wa makilogalamu 18, ndipo ukawerama ndi madigiri 60 katunduyo amafika pa makilogalamu 27. Kafukufuku wina yemwe Jack Dennerlein ndi anzake adachita ku Harvard mu 2012 adapeza kuti ogwiritsa ntchito tabuleti amaweramitsa mutu kwambiri kuposa a pa kompyuta ya padesiki, makamaka akaiika pamiyendo.

Chosangalatsa n'chakuti kuchoka kwa kiyibodi kungathenso kupulumutsa khosi lomwelo. Pa laputopu wamba, sikirini ndi kiyibodi n'zolumikizana: mukakweza sikirini kuti ifike pamaso, manja amakwera nawo. Pa tabuleti mungathe kuimika sikirini pamwamba pa mabuku angapo kuti m'mphepete mwake mwa kumtunda mulingane ndi maso, kenaka n'kuika kiyibodi ya Bluetooth patebulo, zigongono zili m'mbali mwa thupi. Mukatero mapewa amatsika ndipo chibwano chimachoka pachifuwa.

Maso nawo amatopa. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi, koma akamayang'anitsitsa sikirini amaphethira kochepera theka la pamenepo, ndipo maso amauma, kuyabwa ndi kuona mwachimbuuzi. Sikirini ya mainchi 11 imachititsa kuti munthu aiyandikitse kumaso ndi kulimbana ndi zilembo zing'onozing'ono. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chomwe chili pamtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20. Kulitsaninso zilembo m'malo motsinzinira.

Ikafa, akonza ndani?

Laputopu zambiri zimatsegulidwa ndi sikuludiraiva, ndipo amisiri a m'tauni amatha kusintha batire, kiyibodi kapena hadi disiki. Matabuleti ambiri sikirini yake ndi yomata ndi guluu, batire lili kuseri kwake, ndipo memori ndi yowotcherera moti simungaionjezere. Galasi likasweka, losinthira limafunika kuitanitsa kunja.

Ogula za kaunjika achenjerenso. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Surface Pro zomwe zidatuluka mu 2017 kubwerera m'mbuyo sizili pamndandanda wa makina ovomerezeka kulandira Windows 11. Funsani chaka chomwe makinawo adapangidwa, ndipo muone momwe batire likutsikira muli m'sitolo momwemo.

Tsono agule ndani? Wojambula, mmisiri wa mapulani a nyumba, mphunzitsi wochonga ntchito ndi cholembera, wophunzira wowerenga mabuku ambiri a PDF, ndi wogwira ntchito m'midzi yemwe amalemba ataimirira, onsewa tabuleti yosanduka laputopu iwathandiza ndithu. Koma ngati ntchito yanu ndi kutaipa tsiku lonse, kuwerengera chuma, kapena ngati iyi ndiyo kompyuta yokhayo yomwe banja lonse lidalire, gulani laputopu wamba yokhala ndi memori yosachepera 8GB ndi batire lodalirika. Ndalama zotsalazo mugulire mbewa ya kompyuta, kiyibodi yapadera ndi mpando wabwino.