Pakhomo pakavuta, kuluka kumakhazika mtima pansi

Achinyamata anzanga, pa ntchito yanga ya zaumoyo ndimayenda m'midzi yambiri kuno ku Karonga, ndipo mawu amene ndimamva kawirikawiri kwa inu ndi akuti, "Kunyumba sikukukhalika." Wina akudwazika bambo ake yekha. Wina makolo ake akhala akukangana chiyambire tsiku limene anakayezetsa magazi, mmodzi n'kupezeka ndi kachirombo ka HIV, winayo ayi. Wina ndi wamasiye, ndipo achibale amene akumulera amachita kumuwerengera mbamu. Usiku ukafika tulo sitibwera, mutu umangozungulira pa nkhani imodzimodzi.

Inenso ndinadutsamo. Ndili Fomu 2 mayi anga anadwala nthawi yaitali, ndipo pakhomo panali phokoso la ndalama tsiku ndi tsiku. Agogo anga sanandipatse uphungu uliwonse. Anangondikhazika pambali pawo, n'kundipatsa mlaza kuti ndiwathandize kuluka mkeka. Mzere wanga woyamba unali wokhotakhota, anauphwasula wonse. Koma ndinadabwa kuti dzuwa linalowa ndisanaganizeko za mkangano wa m'mawa uja.

Kodi chimachitika n'chiyani?

Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limakonzeka ngati lakumana ndi chilombo panjira. Mtima umagunda msanga, mpweya umakhala wa pamwambapamwamba, khosi ndi mapewa zimauma. Zimenezi n'zothandiza ngati chilombocho chilipodi, pakuti umathawa n'kupuma. Koma mavuto a pakhomo sathawika, choncho thupi limakhala chikonzekere usana ndi usiku mpaka kutopa.

Ntchito ya manja imadula mzere umenewu. Poluka umayenera kuwerenga: ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Ukangoganiza zina, walakwitsa, ndipo diso limaona pompo. Mutu sungathe kuwerenga mlaza uku ukubwereza mawu opweteka amene unauzidwa. Manja akamabwereza chinthu chimodzi pang'onopang'ono, kupuma nakonso kumatsatira. Taonani asodzi akamasoka maukonde kunyanja ku Chilumba kapena ku Kaporo: amakhala phee, nkhani zikuyenda bwinobwino.

Pali chinanso chimene ine ndimachiona chachikulu. Pakhomo pamene pali matenda, wachinyamata amaona ngati palibe chimene angasinthe. Koma chipewa kapena kachikwama kamene wayamba Lolemba, Loweruka ukukagwira m'manja katatha. Ndi kako, wakapanga ndiwe.

Izi si za kuno kokha. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, ambiri mwa iwo ali ndi kachirombo ka HIV. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Akamaliza kucheza kwa pa benchi, anthuwo amalowa m'magulu momwe ena amaluka zikwama ndi mapulasitiki otayidwa. Onani kuti kumeneko kuluka kumayendera limodzi ndi kulankhula. Nkhani yovuta imatuluka mosavuta maso ali pa ntchito kusiyana ndi poyang'anizana.

Kwa inu amene mukumwa ma ARV, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Mankhwalawa akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, koma amagwira ntchito akamamwedwa tsiku lililonse. Achinyamata amene ndawaona akudumphitsa, ambiri si chifukwa chosadziwa. Ndi mutu wodzaza. Mtsikana wina anandiuza kuti amaika botolo lake m'dengu la zolukira, ndipo akamaliza kuluka madzulo amamwa asanagone.

Poyambira sipafuna ndalama. Mlaza ulipo m'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja. Uumitseni, ung'ambeni timizere tofanana, ndipo muunyowetse pang'ono musanaluke kuti usathyoke. Ngati mlaza uli kutali, tolani majumbo akale, muwatsuke, muwadule timizere n'kutilumikiza ngati chingwe. Kachitsulo kolukira ena amapanga ndi sipoko ya njinga yopinda kunsonga. Anyamata musanene kuti izi ndi za atsikana, malichero ndi madengu a nsungwi amaluka ndi abambo. Aliyense akhale ndi lumo lake, osabwerekana. Mphunzitsi musamufune kutali, m'mudzi uliwonse muli agogo odziwa, ndipo amakondwa akafunsidwa.

Langizo langa ndi lakuti musathamangire kugulitsa. Mukayamba kuwerengera phindu tsiku loyamba, kulukako kumasanduka nkhawa ina. Theka la ola patsiku ndi lokwanira, pamthunzi, ntchito za pakhomo zitatha kuti pasabukenso mkangano wina.

Koma tisanamizane. Mkeka suchiza matenda ndipo suletsa nkhanza. Ngati mukumenyedwa, kapena wina akukukakamizani zogonana, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ndi achinyamata, kapena pitani ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi. Ngati patha masabata awiri musakugona bwino, chakudya chisakukoma, zimene munkakonda zisakukusangalatsani, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo.

Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, aliyense abwere ndi majumbo khumi otsuka kapena mtolo wa mlaza, ndipo muitane agogo mmodzi adzakhale nanu.