Sewero la mabanki a ku London ndi mwana wa Fomu 3

Mu Novembala 2025 padakwana zaka zisanu chiyambireni kuonetsedwa sewero la pa kanema lotchedwa Industry, lomwe limafotokoza moyo wa achinyamata ongomaliza kumene maphunziro a kuyunivesite amene alembedwa ntchito mongoyesedwa pa banki yongopeka ya Pierpoint mumzinda wa London. Bankiyi si yosungitsako ndalama anthu wamba, koma ndi ya mtundu uja umene umagula ndi kugulitsa masheya, ngongole za maboma ndi ndalama zakunja m'malo mwa makampani ndi anthu olemera kwambiri, ndipo achinyamatawo amauzidwa pachiyambi pomwe kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi ena mwa iwo adzatsala pomwe ena adzabwezedwa. M'zaka zisanuzi seweroli latuluka m'nyumba za ku Britain ndi ku America, kumene lidayambira, n'kufika m'mafoni ndi m'maflashi a kuno kwathu, ndipo lafika ndi funso lomwe makolo ambiri amalifunsa mochedwa, mwana ataonera kale.

Ku America seweroli lidapatsidwa chizindikiro cha TV-MA, chomwe ndi chapamwamba pa zizindikiro zonse za msinkhu zomwe dzikolo lidayamba kugwiritsa ntchito pa wailesi za kanema mu 1997, ndipo chimatanthauza kuti pulogalamuyo idakonzedwera akuluakulu, mwina n'kukhala yosayenera aliyense wosafika zaka 17. Ku Britain nako kuli malire a nthawi, oti zinthu zosayenera ana siziulutsidwa 9 koloko ya usiku isanakwane. Zifukwa za chizindikiro cha TV-MA sizobisika, pakuti m'seweroli muli kugonana koonetsedwa mosaphimba, kununkhiza kokeni m'zimbudzi za m'mabala ndi za kuntchito komwe, ndiponso kutukwana komwe kumamveka pafupifupi m'zokambirana zilizonse. Koma chizindikiro chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha pamene pali dikoda yotsekedwa ndi nambala yachinsinsi kapena wailesi yotsata nthawi. Sewero likakopedwa pa flashi, chimene chimatsala ndi dzina lokha ndi nambala ya gawo, ndipo dzina loti Industry limamveka ngati mutu wa phunziro la m'kalasi.

Umu ndi momwe zidayendera m'banja lina la mumzinda wa Blantyre, momwe muli mnyamata wa zaka 15 wa Fomu 3, wamutu wakuthwa pa masamu, amene kwa chaka chathunthu wakhala akunena kuti adzagwira ntchito ya za masheya. Zigawo zisanu ndi zitatu zoyambirira adazitenga pa flashi kwa mnzake wa m'kalasi, ndipo bambo ake, omwe ndi wowerengera ndalama pa kampani ina, atamva kuti ndi sewero la za mabanki adakondwera, n'kulamula kuti Loweruka madzulo flashiyo ilowetsedwe ku kanema wa pabalaza kuti banja lonse lionere. Mayi adakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo la kukhitchini akusankha mpunga m'lichero, mlongo wake wa mnyamatayo, wa zaka 11, adagona chafufumimba pa kalapeti, ndipo kwa mphindi zoyambirira, pamene achinyamata ovala masuti ankayankha mafunso a olemba ntchito, bambo aja ankagwedeza mutu ndi kumuuza mwana wawo kuti amvetsere mayankhidwe awo. Posakhalitsa zinthu zidatembenuka, moti mayi adaika lichero pansi n'kumutuma mtsikana uja kukatenga chinthu kuchipinda chomwe sankachifuna n'komwe, bambo adayamba kufunafuna rimoti pakati pa makushoni maso atazyolika, ndipo mnyamatayo, amene adali ataonera kale gawo loyambalo kawiri pa foni, adangoti phee kuyang'ana khoma.

Kanema sadazimitsidwe usiku umenewo, chifukwa bambo adasankha kumadumphitsa malo ochititsa manyazi, ndipo mwa njira imeneyi iwo ndi mwana wawo adafika kumapeto kwa gawo loyamba, kumene kuli chinthu cholemera kuposa zonse zomwe adadumphitsa. M'gawoli muli mnyamata wotchedwa Hari, mwana wa makolo obwera kuchokera kunja, wophunzira sukulu za boma, amene amadziona wochepa pakati pa ana a anthu olemera ndipo amaganiza kuti chomwe angawaposere nacho ndi kusapita kunyumba. Iye amagona m'chimbudzi cha pa ofesi atatchera alamu ya pa foni, amadzuka n'kumwa zakumwa zopatsa mphamvu ndi mapiritsi oletsa tulo, amasintha malaya kuti anzake asadziwe, ndipo atalakwitsa kalembedwe ka zilembo pa tsamba limodzi la chikalata chopita kwa kasitomala, amavutika mtima ngati wapalamula mlandu wakupha. Mapeto ake amapezeka atafa m'chimbudzi chomwecho, ndipo ntchito ya pa bankiyo siima. Olemba seweroli ndi anthu awiri amene adagwirapo ntchito m'mabanki a mtundu umenewu ku London, ndipo oonera ambiri ku Britain adakumbukira za mnyamata wa zaka 21 wochokera ku Germany amene adamwalira mumzindawu mu Ogasiti 2013 akuphunzira ntchito pa banki ina yaikulu atachezera masiku angapo; bwalo lofufuza za imfayo lidapeza kuti adamwalira atagwa khunyu, ndipo lidati kutopa kukadatha kukhala chimodzi mwa zoyambitsa, ngakhale kuti sikudatsimikizike.

Mkangano wa m'banjamo udabuka m'mawa mwake, ndipo ndi womwewo umene umabuka paliponse pamene seweroli lakambidwa ngati chinthu choonetsa ana: kodi zomwe mwana angaphunziremo za chuma n'zokwanira kulipira zomwe angaonemo? Bambo adaima pa mfundo yoti mwana wofuna ntchito ya za ndalama ayenera kudziwa msanga kuti dziko limenelo ndi lankhanza, kuti imfa ya Hari ndi chenjezo lomwe buku la sukulu silingapereke, ndiponso kuti zonyansazo munthu angathe kuzidumpha ndi chala. Mayi adakana, ndipo mfundo yawo ndiyo yolimba ikayesedwa ndi seweroli lenilenilo. Za chuma zilimo ndithu, koma zimalankhulidwa mothamanga, m'chinenero cha eni ntchito, popanda wozimasulira. M'sizoni yachiwiri, ya 2022, nkhani imafika pa short selling, komwe ndi kubwereka masheya n'kuwagulitsa poyembekezera kuti mtengo wake utsika kuti adzagulidwenso motchipa pobweza, ndipo m'sizoni yachitatu, ya 2024, imazungulira pa kampani ya magetsi osawononga chilengedwe imene ikugulitsa masheya ake kwa anthu koyamba. Koma wa zaka 15 amene sadamvepo mawu amenewa adzatuluka osawamvetsa monga adalowera, chifukwa olembawo amawagwiritsa ntchito ngati phokoso la pamalo, losonyeza mantha ndi dyera la otchulawo, osati ngati phunziro.

Chomwe mwana amachimva bwinobwino ndi zina zija. Harper, mtsikana wa ku America amene ndiye mwini nkhani, adalowa pa bankiyo ndi chikalata cha maphunziro chachinyengo, amabisa zolakwa zake, amapereka anzake, ndipo kwa nthawi yaitali amapindula nazo. Robert amachoka ku bala mbandakucha n'kulunjika pa desiki. Yasmin, mwana wa munthu wolemera, amatumidwa kukagulira abwana chakudya cha masana ndi kupirira mawu achipongwe a amuna omuzungulira. Wamkulu woonera amazindikira msanga kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti iye adagwirapo ntchito, adaonapo mnzake akuchotsedwa, ndipo amamva chisoni chomwe chili pansi pa nyimbo ndi magetsi a m'mabalawo. Wa Fomu 3 alibe zimenezo zoti ayezere, choncho amaona suti, ndalama ndi kulimba mtima, ndipo chilango chikamabwera patapita maola ambiri a kanema amakhala atasankha kale amene akufuna kufanana naye. Kudumphitsanso sikuthandiza monga momwe bambo aja ankaganizira, chifukwa m'seweroli kugonana ndi mankhwala ozunguza bongo sizokometsera chabe ayi, koma ndi momwe anthu ake amagulirana, kuopsezerana ndi kubwezerana, moti wodumpha malo amenewa amataya ulusi wa nkhani, ndipo mwana amene wataya ulusi amabwerera yekha pa foni usiku kukaufuna.

Pali gawo limodzi la m'sizoni yachitatu limene limayandikira kwambiri moyo wa achinyamata a kuno, ndipo n'chifukwa chake liyenera kutchulidwa. Rishi, wogulitsa masheya wa pakamwa polusa, amamira m'ngongole za juga, amabwereka kwa wakatapila, amabetcha ndalama za anzake ndi za banki pofuna kubweza zomwe wataya, ndipo sizoniyo imatha wakatapila uja atawombera mkazi wake iye akuona. M'dziko momwe kubetcha pa mpira kudzera pa foni kwafala pakati pa anyamata, ndipo malonda a ndalama zakunja a pa intaneti amalengezedwa ngati njira yachidule yolemerera, nkhani imeneyi ingakhale ya phindu kwa wophunzira wa ku koleji amene ali ndi wamkulu wokambirana naye. Kwa wa zaka 15 woonera yekha, chimene chimatsala m'mutu kawirikawiri ndi mphindi zija pamene Rishi akuwina.

Malamulo aakulu a dziko la Malawi, chisinthidwireni mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, ndipo malire amenewa sali kutali ndi omwe eni seweroli adavomereza kwawo. Poyang'ana zomwe zili m'zigawo zake, palibe chifukwa chowatsitsira: Industry ndi sewero lolembedwa mwaluso, loona mtima pa za ntchito ndi dyera, koma si la ana a sekondale, ndipo chidwi cha mwana pa masamu kapena pa masheya sichimukulitsa msinkhu. Wofuna kudziwa za masheya angapindule kwambiri pokhala pansi ndi kholo lake n'kutsata mitengo ya pa msika wa masheya wa ku Blantyre monga imasindikizidwira m'nyuzi, kwa mwezi umodzi, kusiyana ndi maola asanu ndi atatu a Pierpoint.

M'banja lija flashi idabwezedwa kwa mwini wake Lolemba, ndipo bambo adamaliza okha zigawo zotsalazo ana atagona. Mnyamatayo sadasinthe maganizo pa ntchito yomwe akufuna, ngakhale kuti London amene amamulota sali kwenikweni m'seweroli, pakuti chipinda chachikulu cha malonda cha Pierpoint, ndi makompyuta ake onse, chidamangidwa m'nyumba yojambulira mafilimu ku Cardiff, m'dziko la Wales.