Kawerengedwe ka milandu ya chiwawa m'boma la Rufunsa

Chiwerengero cha milandu ya chiwawa, monga kupha, kuvulaza, kugwiririra ndi kuba moopseza, chimayambira kupolisi, kumene dandaulo limalembedwa m'buku la zochitika lotchedwa OB, wovulala n'kupatsidwa fomu yoti akalembetse mabala ake kuchipatala, doketi n'kutsegulidwa. Manambala a siteshoni iliyonse ya m'boma la Rufunsa amapita ku likulu la apolisi a chigawo cha Lusaka, kenako ku likulu la Zambia Police Service, ndipo nkhanza za m'banja zimasamalidwa ndi nthambi ya Victim Support Unit.

Njira imeneyi imawerenga milandu yokhayo imene yafika kupolisi. M'boma la Rufunsa, momwe midzi yambiri ya mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta ili kutali ndi msewu wa Great East, munthu womenyedwa amayamba walingalira za mtunda, ndalama yoyendera ndi ubale wake ndi womumenyayo, kotero kuti nkhani ikhoza kuthera kwa ankhoswe kapena kwa nyakwawa osalembedwa paliponse. Choncho manambala akakwera, mwina chiwawa chachuluka, mwinanso anthu ayamba kudalira apolisi.

Pofuna kusiyanitsa ziwirizi, akatswiri amafunsa anthu m'makomo osankhidwa mwamaere ngati anachitiridwapo nkhanza, kaya anakanena kaya ayi. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey anapeza kuti amayi a zaka 15 mpaka 49 amene anamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15 anali 43 pa 100 alionse mu 2013-14, ndipo anatsika kufika pa 36 mu 2018, pamene milandu ya nkhanza yokanenedwa kupolisi inkakwera m'zaka zomwezo, lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 litayamba kugwira ntchito, mpaka kupitirira 20,000 pa chaka m'dziko lonse. Kafukufukuyu amapereka chithunzi cha dziko ndi cha zigawo zake, osati cha boma limodzi.

Bungwe la United Nations loona za umbanda, UNODC, limadalira kwambiri milandu yakupha poyerekeza mayiko, popeza imfa ndi yovuta kubisa, ndipo limaiwerengera pa anthu 100,000 alionse kuti dera la anthu ambiri lisaoneke loopsa chifukwa cha kuchuluka kwawo kokha. Muyeso umenewu umafuna kusamala ku Rufunsa, kumene kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira pang'ono 80,000, pakuti imfa imodzi yokha imaukweza ndi nambala yoposa 1. Komanso bomali linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, motero manambala a zaka za m'mbuyo anali a dera lalikulupo.

Makhansala, mafumu ndi atolankhani akamva kuti chiwawa chakwera kapena chatsika, ayenera kufunsa gwero la nambalayo, chiwerengero cha anthu chimene yagawidwa nacho, ndiponso ngati zaka zingapo zotsatizana, mabuku a chipatala cha St Luke's ku Mpanshya ndi mayankho a m'makomo zikuloza kumodzi.